Mankhwala osandutsa dzimbiri: zomwe ndaona pa ngolo ya amalume

Botolo lake ndi loyera, la lita imodzi, ndipo palembedwa kuti mankhwalawa amasandutsa dzimbiri kukhala khungu lakuda loti mutha kupakapo penti osavutika kupala chitsulo mpaka chiwale. Ndinaligula mtima uli pawiri, chifukwa zinthu zolonjeza kuti ntchito yowawa itheka popanda thukuta zandipusitsapo kangapo. Papita miyezi 14 chipakireni, dzinja lathunthu lagwerapo, ngolo yayenda maulendo oposa 20. Tsopano ndingathe kuyankhula. Mankhwalawa amagwira ntchito, ndipo ndidzagulanso. Koma anatsala pang'ono kundigwetsa m'mavuto, ndipo chomwe chinandipusitsa ndi kukongola kwa ntchito yake yomweyo.

Ngoloyi inali ya amalume anga. Ndi zija zazing'ono zokoka ndi galimoto, za ekiselo imodzi, zopanda mabuleki, zimene m'maiko ambiri lamulo limati zisapitirire makilogalamu 750 pamodzi ndi katundu. Felemu yake ndi ya chitsulo changodya, mkono wokokera ndi wa chitsulo chamakona anayi chobowoka mkati, pansi panali mathabwa. Amalume atasiya kuyendetsa galimoto chifukwa cha maso, anaiimika pansi pa mtengo n'kuiiwala. Masamba anagweramo chaka ndi chaka, kuwola, kusanduka dothi, mpaka munamera kamtengo kofika m'chiuno. Pa tayala limodzi, nambala zinayi zija zonena nthawi yomwe tayala linapangidwa zinali 2309, kutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2009. Matayalawo anali ndi mapanga ake onse, koma m'mbali anali atang'aluka ngati chidendene cha munthu woyenda wopanda nsapato.

Amene anandiputa ndi alamu anga. "Alamu," anatero tsiku lina titaima pambali pake, "mukuisiya iwole chonchi pomwe ine njinga yanga ikusowa chonyamulira?" Njinga yomwe amanenayo ndi yamoto, Yamaha XT500 ya 1981 imene anaipeza kwa munthu wina, yosalira, ili mtunda wa maola atatu pagalimoto. Za njingayo ndikamba kutsogoloku, chifukwa ndikayamba pano za mankhwala sitifikako.

Mukatsegula botolo mupeza zamadzi zoyera ngati mkaka, zoterera pang'ono, fungo lake lowawasa koma losapweteka mutu. Mphamvu yake ili mu asidi wa tanini, yemwe amachokera m'makungwa a mitengo. Ngati munaonapo msomali wokhomedwa pa thabwa lonyowa utasiya banga lakuda kuzungulira mutu wake, mwaona kale zomwe mankhwalawa amachita: tanini akakumana ndi dzimbiri amapanga chinthu china chakuda chobiriwirako, chimene sichipitiriza kudya chitsulo. Inki yakale yolembera inkapangidwa motero, tanini ndi chitsulo. M'botolomo anasakanizamonso ulimbo wina wonga pulasitiki umene ukauma umakhala ngati penti woyamba. Alipo mankhwala ena ofanana nawo a asidi wa fosiforiki, amene amasiya chitsulo chotuwa. Anga ndi a tanini.

Apa pali chinthu chomwe ambiri samvetsa, inenso ndinachimvetsa mochedwa. Mankhwalawa amafuna dzimbiri kuti agwire. Mukapaka pa chitsulo chowala kapena pa penti wakale, sakhala ndi cholimbana nacho, amangouma ngati kapepala koonekera kamene mutha kusenda ndi chikhadabo. Komanso dzimbiri likachuluka n'kupanga mamba, mankhwala amalowa pamwamba pokha, pansi dzimbiri lili gwa. Ndiye ntchito yopala simungaithawe. Kusiyana kwake n'koti mumapala kuchotsa zofumbutuka basi, osati kufika pa chitsulo choyera.

Ndinayamba ndi kuzula mathabwa. Mabawuti ake 22, asanu okha ndiwo anamvera sipanala, ena onse ndinadula ndi gilayinda. Kenako tinagubuduza felemu, miyendo m'mwamba, ndikuyamba kugogoda mamba ndi nyundo yaing'ono, kupala ndi burashi ya waya yomanga pa gilayinda, m'makona mothina ndikulowa ndi burashi yapamanja. Masiku awiri athunthu. Valani magalasi, chonde: timawaya ta burashi timathothoka tikuuluka, kamodzi ndinakapeza madzulo katabaya malaya n'kuima pamimba. Nditamaliza ndinatsuka felemu yonse ndi madzi a sopo wochotsa mafuta, kutsukuluza, kuisiya iume usiku wonse. Inali yofiira mofanana paliponse, yokhakhala pang'ono ukaisisita, koma yosasiya fumbi lambiri m'dzanja.

Kupaka kwake n'kosangalatsa, ndisakunamizeni. Burashi ikadutsa pamakhala poyera. Musanafike kumapeto kwa chitsulo chomwecho, komwe munayambira kwayamba kusanduka kwa mtundu wa bulu wotuwa, kenako kofiirira ngati chipsera, ndipo pakatha mphindi 20 kapena 30 pamakhala pakuda bii. Mwana wanga wamkazi anakhala pa tayala lakale n'kumaonerera, akumaloza ndi chala kuti "Adadi, apa mwadumpha." Ndipo amanena zoona, pakuti mankhwalawa amadzionetsa okha: pomwe sanagwire pamatsala pofiira kapena potuwa, ndiye mumadziwa poti mubwereze. Ichi ndachikonda kwambiri. Penti wamba amabisa zonse mofanana, awa amakuuzani pomwe mwachita ulesi.

Zolakwa zanga zinali zitatu. Choyamba, tsiku loyamba ndinkaviika burashi m'botolo momwemo. Burashi yochoka pa dzimbiri imatenga tizidutswa n'kukasiya m'botolo, mankhwala n'kuyamba kugwira ntchito mkati momwemo. Pofika madzulo anali atayamba kutuwa. Thirani pang'ono m'kachitini, zotsala mutaye, osabwezera. Izi zinalembedwa pa botolo, koma m'tizilembo toti munthu wa msinkhu wanga afune magalasi awiri, pomwe mawu olonjeza zodabwitsa ali m'zilembo zoti uwerenge uli tsidya la msewu. Chachiwiri, madigadi amodzi ndinapaka masana dzuwa lili paliwombo, chitsulo chikuotcha dzanja. Mankhwala anauma asanagwire, anasiya timizere toyera, mawa lake ndinasenda ndi kuyambiranso. Pakani m'mawa kapena pamthunzi, komanso kusakhale kozizira kwambiri, pansi pa madigiri 10 sagwira bwino. Chachitatu, pafupi ndi mahabu pomwe girisi wakale anali atalowerera, sopo wanga sanafike pansi, ndipo mankhwala anangopanga timadontho ngati madzi pa tsamba la nthochi. Pamenepo panafunika thinala ndi kansalu, kawiri.

Lita imodzi inakwanira felemu yonse kawiri, madigadi onse awiri, masipuling'i, n'kutsalako pang'ono. M'manja amadetsa ngati inki ndipo sachoka msanga, zikhadabo zanga zinakhala zakuda sabata ndi theka. Pa simenti akadontha pomwe pali fumbi la dzimbiri, banga lake ndi lamuyaya. Akazi anga amandisonyezabe.

Tsopano nkhani ya mkono wokokera, yomwe ndi chifukwa chenicheni ndalembera zonsezi.

Nditapaka kawiri n'kudikira maola 24, ngolo inaoneka ngati yatsopano. Yakuda, yonyezimira pang'ono, yolimba m'maso. Ndinaimbira alamu kuti abwere adzaone ndisanapake penti womaliza, kunena zoona ndinkafuna andiyamikire. Anabwera, anaizungulira kamodzi osanena kanthu, kenako anatola nyundo yanga ija n'kuyamba kugogoda mkono wokokera kuyambira kutsogolo. Ngwe, ngwe, ngwe, chitsulo chikulira bwino. Atafika cha pomwe mkonowo umalumikizana ndi felemu, kunsi kwake, kulira kunasintha: phu. Anamenyanso, osati mwamphamvu, ndipo mutu wa nyundo unalowa. Atautulutsa munakhuthuka mamba a dzimbiri odzaza manja awiri, onyowa.

"Alamu," anatero akupukuta nyundo pa thalauza, "apa mwapaka mafuta mtembo."

Chitsulo chobowoka mkati chimawola kuchokera mkati. Madzi analowera kutsogolo komwe kunalibe chotseka, n'kutsetsereka kukaima kumunsi, zaka zonsezo. Kunja kunatsala kachikopa kopyapyala ngati chitini, ndipo ine ndinakapaka bwinobwino mpaka kakuda. Kukanakhala kofiira ndi kotupa monga kale ndikanakayika, koma mtundu wakuda uja unanditseka m'maso. Mankhwalawa sabwezera chitsulo chomwe chadyedwa, ngakhale milimita imodzi. Pa botolo sananene kuti amabwezera, komanso sanachenjeze paliponse kuti muyambe mwayesa ngati chitsulo chilipo. Kwa ine chenjezo limenelo linayenera kukhala pamwamba penipeni. Ganizirani mkono umenewo ukuthyoka pamsewu, kumbuyo kuli njinga, kumbuyo kwa njinga kuli galimoto ya eni.

Tinaudula wonse. Owotcherera anaika watsopano wa chitsulo chochindikala mamilimita 3, n'kuwonjezera timbale tiwiri tolimbitsa pomwe umakumana ndi felemu. Asanayambe anandipatsa gilayinda kuti ndichotse khungu lakuda lija paliponse pomwe pafike moto, chifukwa pa zinthu zotero chowotcherera sichigwira bwino, chimatuluka timabowo. Ndiye mwaona, ntchito ndinaipanga chobwerera: kuwotcherera kumayenera kuyamba, mankhwala pambuyo. Mkono watsopanowo tinauboola kabowo kunsi koti madzi azitulukira, kutsogolo tinatseka, mkati ndinathiramo oyilo wakale n'kuupendeketsa uku ndi uku. Pambuyo pake ndinagogoda felemu yonse ndi nyundo, chikhatho ndi chikhatho, ndikubaya ndi sikuludilaiva m'makona ndi pomwe pamangidwa masipuling'i. Chitsulo changodya chinali bwino, chifukwa chilibe mobisala madzi.

Zotsalazo zinayenda mwachangu. Penti woyamba, penti wakuda kawiri pamwamba, pasanathe masiku awiri chiumireni mankhwala, poti paokha sapirira dzuwa ndi mvula nthawi yaitali. Mabeyaringi onse anayi ndinasintha, akale anali ndi timaenje ta dzimbiri. Girisi watsopano ndinamukanikizira ndi chikhatho mpaka atulukire mbali inayo, nati ndinamanga kenako n'kubweza pang'ono kuti tayala lizungulire momasuka koma osagwedera, n'kutseka ndi pini yatsopano. Matayala atsopano, mathabwa atsopano, chokolera chatsopano cha mpira wa mamilimita 50, tcheni chachitetezo.

Magetsi okha ndiwo anandizunguza mutu madzulo amodzi, ndipo mankhwala aja ali nawo mbali. Pulagi ndi ya mapini 7: wachikasu siginolo ya kumanzere, wobiriwira ya kumanja, wofiira buleki, wabulauni ndi wakuda nyali za kumbuyo, woyera ndiye wobwezera magetsi ku felemu. Ndinalumikiza zonse molondola, koma ndikayatsa siginolo nyali zonse zinkaphethira pamodzi mofooka ngati zikukambirana. Vuto linali loti waya woyera ndinamumanga pa chitsulo chopakidwa. Khungu la mankhwala ndi penti sizidutsa magetsi. Nditapala kamalo kakang'ono mpaka kuwala, kumanga, kupakapo girisi, zonse zinakhala m'malo mwake. Pambuyo pake ndinangokoka waya woyera wakewake kufika ku nyali iliyonse kuti ndisadzavutikenso.

Ulendo woyamba unali wokatenga njinga ija. Ine pa njinga zamoto ndine wosirira chabe masiku ano, bondo linakana. Ndili mnyamata ndinali ndi Honda CG125, ija inatuluka mu 1975, imene anaipanga dala ndi injini yosavuta ataona kuti m'maiko ambiri eni njinga sasintha oyilo panthawi yake. Inkandipirira zinthu zomwe munthu sangapirire. Ndimalemekezanso njinga ina ya Honda yotchedwa Super Cub, yomwe yakhala ikupangidwa kuyambira 1958 ndipo mu 2017 inapitirira 100 miliyoni. Koma zimenezo ndi njinga zantchito, umazikonda monga umakondera khasu labwino. XT500 ndi nkhani ina.

Tinaipeza m'shedi, itatsamira khoma, pa chishalo pali thumba. Alamu atachotsa thumbalo ndinakhala kaye chete. Njingayi ilibe chobisa. Injini ndi ya silinda imodzi, 499cc, yaitali, yoima chilili pakati pa felemu, zipsepse zake zoziziritsira zili poyera. Thanki yaing'ono, yowonda, tayala lakutsogolo la mainchesi 21, mabuleki a ng'oma kutsogolo ndi kumbuyo. Ukaima mbali ino umaona tsidya linalo kudzera m'mipata. Oyilo sakhala pansi pa injini, amakhala mu felemu momwemo, chotsekera chake chili kutsogolo kwa thanki, ndiye injini inakwera m'mwamba kutali ndi miyala. Ilibe sitata ya batani. Umailiza ndi mwendo, ndipo pachiwongolero pali kachogwirira kakang'ono kotsegulira valavu pang'ono kuti pisitoni idutse pamwamba, kenako uponde kiki ndi thupi lonse mpaka pansi. Ukachita mwamantha imakubwezera, ndipo akakolo ambiri anaphunzira ulemu pa njinga imeneyi.

Inayamba kugulitsidwa mu 1976, ndipo mpikisano woyamba wa Paris-Dakar, umene unathera ku Dakar mu Januwale 1979, anapambana ndi Cyril Neveu wa ku France ali pa XT500. Chaka chotsatira anapambananso pa njinga yomweyo. Ukaiyang'ana lero, kuchepa kwake, ndi magetsi ake a mavoti 6 ounikira ngati kandulo, n'kuganiza kuti inadutsa chipululu cha Sahara, umangopukusa mutu. Injini yomweyi ndiyo inabala SR500 ya 1978 ndi mng'ono wake SR400, amene anapangidwa zaka zoposa 40 osasintha kwenikweni maonekedwe. Njinga zamakono ndi zothamanga, zotetezeka, sindikutsutsa, koma zambiri zavala mapulasitiki kuyambira kumutu mpaka kumchira, sudziwa kuti mkatimo muli injini kapena firiji.

Kuikweza tinagwiritsa thabwa lalitali, mmodzi kuchiwongolero wina kumbuyo. Imalemera pafupifupi makilogalamu 150, si zambiri kwa ngolo, koma pomwe waiimika ndiye nkhani. Injini iyenera kukhala patsogolo pang'ono pa ekiselo kuti kulemera kwina kutsikire pa chokolera. Katundu akalemera kumbuyo ngolo imayamba kugwedeza mchira ukathamanga, ndipo imatha kutembenuza galimoto. Tayala lakutsogolo tinalikanikiza pakati pa matabwa awiri omwe ndinakhomeratu, malamba awiri kuchiwongolero kukokera kutsogolo mpaka mafoloko atsike pang'ono, awiri kumbuyo. Titayenda makilomita 10 tinaima, ndinagwira mahabu ndi dzanja, anali ofunda chabe, malamba tinakungako. Njira yonse maso anga anali pa galasi, osati chifukwa cha mantha okha ayi. Nyali yake yozungulira ija inkandisuzumira pamwamba pa chitseko chakumbuyo.

Alamu ataona botolo lotsala anafuna apake pa ekizosi, yomwe inali yofiira ndi dzimbiri. Ndinawakaniza. Mankhwalawa sapirira kutentha kotero, ulimbo wake umapsa n'kusendeka. Ekizosi imafuna kupala ndi penti wake wa moto. Musawathirenso mu thanki ya petulo, khungu lake likasendeka limakatseka kabuleta. Pa chitsulo chonyezimira cha kromu, pa aluminiyamu, pa malata opakidwa zinki, musataye nthawi. Pa njinga tinapaka malo awiri okha, kunsi kwa chishalo ndi kabokosi ka batire komwe asidi anadya, ndipo pamenepo anachita bwino kwambiri, chifukwa ndi malo okhotakhota oti gilayinda singalowe.

Lero, patatha miyezi 14, ngolo imagona panja, koma osati pansi pa mtengo, ndipo kutsogolo ndimakukweza pa chitsa kuti madzi azitsika. Felemu, kunsi kwa madigadi ndi m'makona, pomwe ndinapala mokwanira n'kupaka kawiri, palibe kadontho ka dzimbiri. Pa masipuling'i dzimbiri labwerera m'mphepete, zomwe sizodabwitsa, poti zitsulo zake zimakhulana ulendo uliwonse. Malo atatu penti watupa timatuza, onse pomwe ndikukumbukira kuti dzanja linatopa ndipo ndinasiya mamba ochindikala. Ndinaboola kamodzi ndi msomali, pansi pake pali pofiira. Chodabwitsa n'choti mkono watsopano uja, womwe sunalawe mankhwala koma penti yekha pa chitsulo choyera, ndiwo wakalika kwambiri ndi miyala, pomwe pa chitsulo chakale chokhakhala penti wagwira ngati nkhupakupa.

Ngati muli ndi geti, wilibala, felemu ya ngolo kapena kunsi kwa galimoto komwe dzimbiri langoyala pamwamba, gulani, akupulumutsani masiku angapo opala. Gulani botolo lolingana ndi ntchito, chifukwa langa lomwe linatsala lija, nditalitsegula mwezi watha ndinapeza lasanduka phala lotuwa la mibulu, zotsatira za burashi yanga ya tsiku loyamba. Ngati chomwe mukukonza chimanyamula katundu kapena chimakoka, makamaka chikakhala chobowoka mkati, yambani ndi nyundo botolo lisanatsegulidwe, ndipo mugogode kunsi komwe simukufuna kugwada.

XT ija inalira patatha miyezi inayi. Alamu anandiimbira foni osanena moni, anangoiyandikiza pa injini, du du du du, kulira kwapansi koti umawerenga kuphulika kulikonse. Sabata yotsatira anabwera akutsimphina mwendo wakumanja, akufunsa ngati ngolo ili ndi ntchito Loweruka, kuti kwinakwake kwapezeka SR500 yopanda thanki.